Mwana wayamba ma ARV: chitetezo chake chibwerera liti?

Funso

Ndikulera mwana wa malemu mchemwali wanga, wamwamuna, wa zaka zitatu. Anamupeza ndi kachilombo ka HIV atagonekedwa m'chipatala ndi chibayo, ndipo pano wamwa ma ARV kwa miyezi 7. Poyamba ankalemera makilogalamu 9.4, koma kusikelo ya m'mudzi mwezi uno akuti wafika 11.8. Ndimamupatsa piritsi limodzi ndi theka la mtundu uliwonse monga anandiuzira tsiku loyamba. Mankhwala ndimakatenga ndekha chifukwa chipatala chili kutali, kumubereka ulendo wonse n'kovuta. Mwezi wachiwiri anatupa anabere m'khosi, pano anaphwa, koma chimfine ndi chifuwa sizimusowa. CD4 sanamuyezenso. Kodi chitetezo chake chibwerera liti? Nanga chikabwerera angadzasiye mankhwala?

Yankho

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndiponso chifukwa chomusamala mwanayu. Tiyambe ndi chinthu chimene simunafunse, chifukwa ndi chachangu kuposa zonse: mwana wanu wakula kupitirira mlingo wa mankhwala amene akumwa.

Ma ARV a ana amaperekedwa potengera sikelo, osati zaka. Ngati akumwa mankhwala amene ana ambiri akhala akulandira m'Malawi muno kuyambira 2021, ndiye kuti ali ndi mabotolo awiri. Limodzi ndi la abacavir wophatikiza ndi lamivudine, lolembedwa 120/60. Lina ndi la dolutegravir wa ana wa mamiligalamu 10, wosungunula m'madzi. Mwana wolemera makilogalamu 6 mpaka 9.9 amamwa piritsi limodzi ndi theka la mtundu uliwonse kamodzi patsiku. Akangokwana makilogalamu 10 amayenera kumwa awiri awiri, ndipo akafika 14 amamwa awiri ndi theka. Pa makilogalamu 20 amasiya dolutegravir wosungunula uja n'kuyamba wa mamiligalamu 50, ndipo pa 30 m'pamene amaloledwa kumwa piritsi limodzi lija la akuluakulu lotchedwa 13A. Wanuyo, pa 11.8, akumwabe mlingo wa mwana wosakwana makilogalamu 10. A kuchipatala sakanadziwa zimenezi poti mwiniwake sanamuone.

Mlingo woperewera ndi woopsa chifukwa suoneka msanga. Mwana amaoneka bwinobwino, koma mankhwala m'magazi amakhala osakwanira kupanikiza kachilombo usana ndi usiku wonse, ndiye kamapeza mpata woswana n'kuyamba kuzolowera mankhwalawo. Pitani naye sabata ino, musadikire tsiku lolembedwa m'buku. Koma musakweze mlingo nokha kunyumba. Sikelo ya m'mudzi ndi ya kuchipatala nthawi zina zimasiyana, komanso mukakweza nokha mapiritsi akutherani tsiku lanu lisanakwane. Kuyambira pano, ulendo uliwonse wokatenga mankhwala mwana azikhalapo, azikwera sikelo, ndipo inu muzifunsa kuti "mlingo wake ukadali womwewo?" Kumene kwafika piritsi latsopano lophatikiza mankhwala onse atatu, chiwerengero cha mapiritsi n'chosiyana ndi chimene tatchulachi, koma nalonso limatsata sikelo.

Tsopano za chitetezo. HIV imalowa m'maselo a m'magazi otchedwa CD4, amene timawatcha asilikali a m'thupi, n'kumaswanirana mmenemo mpaka maselowo kufa. Ma ARV sapanga asilikali. Amangotsekereza kachilombo kuti kasaswane, ndipo kakaleka kuswana thupi lokha limayamba kubwezeretsa zimene zinaonongeka. Apa ana ali ndi mwayi woposa akuluakulu. Kuseri kwa fupa la pakati pa chifuwa, pamwamba pa mtima, kuli kachiwalo kotchedwa thymus, komwe ndi nazale ya asilikaliwa. Mwa mwana nazaleyi ndi yaikulu ndipo imatulutsa mbande zatsopano tsiku ndi tsiku, pamene munthu akatha msinkhu imayamba kufota pang'onopang'ono. N'chifukwa chake wamkulu akayamba mankhwala, kukwera kwa CD4 m'miyezi yoyamba kumachokera kwambiri kwa asilikali akale amene anakanirira m'anabere ndipo tsopano abwerera m'magazi. Mwa mwana, ambiri amakhala atsopano, okhoza kuphunzira kulimbana ndi matenda amene thupi silinakumanepo nawo.

Kufunika koyamba msanga kunaoneka bwino pa kafukufuku wa CHER ku South Africa, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2008. Makanda amene anayamba ma ARV asanakwane masabata 12, asanadwale n'komwe, imfa pakati pawo zinachepa ndi 76 peresenti poyerekeza ndi amene anadikira kuti chitetezo chitsike kaye. Popanda mankhwala, pafupifupi theka la ana obadwa ndi kachilomboka amamwalira asanakwane zaka ziwiri. Kafukufuku wina wa ARROW, wa ana 1,206 a ku Uganda ndi Zimbabwe, anaonetsa mmene CD4 imakwerera: mwa ana ambiri imakwera mofulumira poyamba, kenako imachedwa, n'kukhazikika patatha pafupifupi zaka ziwiri. Amene anayamba ali aang'ono komanso chitetezo chisanaonongeke kwambiri ndi amene anakhazikika pamwamba. Mwana woyamba ali ndi zaka ziwiri ndi theka ngati wanuyu akadali m'gulu la amene thupi lawo limabwezeretsa bwino. Amene timawadera nkhawa kwambiri ndi opezeka mochedwa, ali ndi zaka 10 kapena kuposa, chifukwa ena mapapo amakhala ataonongeka kale ndipo chifuwa sichiwathera ngakhale kachilombo katapanikizidwa.

Ndiye mukafunsa kuti liti, yankho ndi lakuti zimabwera motsatizana. M'masabata oyambirira mwana amayamba kufuna chakudya, kusewera, zoyera za m'kamwa zimatha ndipo kutsegula m'mimba kumachepa. Pakati pa miyezi itatu ndi 6 sikelo imakwera moonekeratu, monga mmene yakwerera kwa wanuyu ndi makilogalamu oposa awiri, chomwe ndi chizindikiro chabwino kwambiri. CD4 imakwera kwambiri m'chaka choyamba n'kupitiriza pang'onopang'ono m'chaka chachiwiri. Msinkhu ndiwo umachedwa kuposa zonse, ndipo mwana amene anapinimbira kwambiri asanayambe mankhwala akhoza kukhala wamfupiko kuposa anzake ngakhale ali wathanzi. Miyezi itatu mpaka 6 yoyamba ndiyo imakhala yoopsa kwambiri, ndipo mwadutsamo. Komabe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limawerengera mwana aliyense wosakwana zaka zisanu amene ali ndi HIV ngati wodwala kwambiri kufikira atamwa mankhwala kopitirira chaka ndipo akupeza bwino. Pa miyezi 7 simunafike pamenepo, choncho kusamala kusachepe.

Za CD4 musadandaule kuti sanamuyezenso. Chiwerengero cha CD4 mwa mwana wamng'ono n'chosokoneza. Khanda lathanzi limakhala ndi CD4 ya m'ma 2,000 kapena kuposa, ndipo imatsika yokha mwana akamakula mpaka kufanana ndi ya akuluakulu, pakati pa 500 ndi 1,500, akamafika zaka zisanu kapena 6. CD4 ya 700 ndi yabwino kwa bambo wa zaka 40, koma kwa mwana wa chaka chimodzi ndi yotsika kwambiri. N'chifukwa chake mwa ana osakwana zaka zisanu madokotala amayang'ana peresenti, kutanthauza gawo la CD4 pakati pa maselo onse oteteza thupi a gulu lawo. Kwa mwana wa zaka zitatu kapena zinayi, kupitirira 25 peresenti ndiye kuti chitetezo chili bwino, kutsika pansi pa 15 ndiye kuti chaonongeka kwambiri. Koma kuyeza CD4 pafupipafupi mwa mwana amene akupeza bwino sikusintha chithandizo chake. Chimene chimatiuza ngati mankhwala akugwira ntchito ndi viral load, kuyeza kuchuluka kwa tizilombo m'magazi, chifukwa ndiyo imayamba kusintha zinthu zikalakwika, CD4 n'kudzatsika pambuyo pake patapita miyezi.

Viral load yoyamba imatengedwa pakatha miyezi 6 chiyambire mankhwala, kenako kosachepera kamodzi pachaka. Wanuyo tsiku lake lapitirira kale, ndipo ichi ndi chifukwa china chopitira naye. Akatenga magazi, funsani tsiku lodzamva zotsatira, ndipo zikabwera muonetsetse kuti zalembedwa m'buku lake. Chimene tikufuna ndi chakuti tizilombo tisaoneke m'makina. Zikapitirira 1,000, sikuti mankhwala asinthidwa pompo. Amayamba akhala nanu pansi kufufuza chimene chikulakwika pa kamwedwe, kukonza mlingo, n'kuyezanso pakatha miyezi itatu. Dolutegravir ndi wamphamvu ndipo kachilombo sikamuzolowera msanga. Pa kafukufuku wa ODYSSEY, wofalitsidwa mu 2021, ana amene ankamwa dolutegravir analephera chithandizo ochepa kusiyana ndi amene ankamwa mankhwala akale. Choncho viral load ikakwera, nthawi zambiri vuto limapezeka m'kapu ndi m'supuni, osati m'piritsi.

Kapu ndi supuniyo tiziunike bwino. Thirani madzi aukhondo masupuni a tiyi awiri mpaka anayi m'kakapu kakang'ono, ponyanimo mapiritsi a mitundu yonse iwiri, n'kutakasa mpaka asungunuke. Mwana amwe zonse pasanathe mphindi 30. Kenako thiraninso supuni imodzi kapena ziwiri za madzi, tsukuluzani, amwenso, chifukwa ufa woyera umene umatsalira pansi pa kapu ndi mankhwala. Musasungunulire m'mbale yonse ya phala kapena m'kapu yodzaza ndi thobwa: akasiya theka, theka la mankhwala latsala momwemo ndipo simungadziwe kuti wamwa ochuluka bwanji. Akasanza pasanathe mphindi 30, mupatseninso mlingo wina. Mukaiwala n'kukumbukira tsiku lomwelo, mupatseni nthawi yomweyo, koma mawa lake musaphatikize iwiri. Mabotolo azikhala otseka bwino, pouma, ndipo kathumba kakang'ono kamene kamakhala m'botolo musakataye, kamayamwa chinyezi.

Pali zinthu zina zimene zimafooketsa dolutegravir mwakachetechete. Mankhwala owonjezera magazi okhala ndi ayironi, a calcium, ndi ena a chilungulira amagwirana naye m'mimba n'kumulepheretsa kulowa m'magazi. Mwana akapatsidwa ayironi, amwe dolutegravir maola awiri asanamwe ayironiyo kapena maola 6 pambuyo pake, apo ayi amwere zonse pamodzi ndi chakudya. Rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a TB, amachititsa chiwindi kuchotsa dolutegravir mofulumira, choncho mwana amene ali pa mankhwala a TB amamwa dolutegravir kawiri patsiku mpaka patatha masabata awiri atamaliza a TB. Mankhwala ena a khunyu monga phenobarbitone ndi carbamazepine nawonso amamufooketsa. Kulikonse kumene mwapita naye kukalandira chithandizo, nenani kuti ali pa ma ARV. Ndipo pakhale munthu wachiwiri pakhomo wodziwa kusungunula mankhwalawa, chifukwa masiku ambiri amene ana amaphonya ndi a maliro, a ulendo, kapena pamene wowasamalira wadwala.

Anabere amene anatupa mwezi wachiwiri aja akhoza kukhala chimene madokotala amachitcha IRIS. Chitetezo chikayamba kudzuka chimapeza matenda amene anabisala m'thupi nthawi imene chinali chofooka, n'kuyamba kulimbana nawo mwamphamvu. Mwana amene amaoneka kuti akuchira amatentha thupi, anabere amatupa, ena amatuluka mashingozi, ndipo makanda ena amatupa m'khwapa mbali imene anabayidwa katemera wa TB wotchedwa BCG. Zimachitika kawirikawiri m'miyezi itatu yoyamba, makamaka kwa amene anayamba mankhwala chitetezo chitatsika kwambiri. Makolo ambiri akaona zimenezi amaganiza kuti mankhwala akumupweteka mwana n'kumusiyitsa, komwe ndi kulakwitsa kwakukulu. Ma ARV amapitirira, ndipo chimene chatupitsacho chimafufuzidwa n'kuchizidwa. Kwa wanuyu, ngakhale anaphwa, kawauzeni a chipatala, chifukwa chimene chimabisala kawirikawiri kuseri kwa anabere a m'khosi ndi TB.

Chimfine chokha chisakuopseni. Mwana aliyense wosakwana zaka zisanu, ngakhale wopanda kachilombo, amadwala chimfine kangapo pachaka, makamaka nyengo yozizira ya June ndi July ndiponso ngati amakhala pafupi ndi utsi wa kukhitchini. Ngati akudya, akusewera, ndipo chimfinecho chikutha pasanathe sabata imodzi kapena masiku 10, chitetezo chikugwira ntchito yake. Chifuwa chodetsa nkhawa ndi chopitirira masabata awiri, chobwera ndi kutentha thupi kosatha, kutuluka thukuta usiku, kufooka, kapena sikelo kuima. Funso lofunika ndi lakuti kodi pakhomo panali wina wodwala TB, kuphatikizapo malemu mayi ake. TB ya ana imavuta kuipeza chifukwa ana amameza makhololo, ndiye madokotala amadalira mbiri imene mwawauza, X-ray, ndi kuyeza mkodzo kapena chimbudzi kumene zipangizo zilipo. Akapezeka alibe TB, funsani ngati analandira mankhwala oteteza ku TB.

Bactrim, mankhwala oteteza ku matenda ena amene amaperekedwa limodzi ndi ma ARV, asamusiye. Ambiri amamuona ngati wongowonjezera, koma pa kafukufuku wa CHAP ku Lusaka, wofalitsidwa mu 2004, Bactrim yekha anachepetsa imfa za ana okhala ndi HIV ndi 43 peresenti. Ku ARROW kuja anayesanso kusiyitsa Bactrim ana amene anali atamwa ma ARV pafupifupi zaka ziwiri ndipo akupeza bwino, ndipo amene anasiya anagonekedwa m'chipatala kwambiri, ndi malungo komanso matenda ena, kuposa amene anapitiriza. Izi zikutiuza kuti ngakhale CD4 itakwera, chitetezo sichikhala chofanana ndendende ndi cha mwana amene sanakhalepo ndi kachilombo. Mlingo wa Bactrim nawo umatsata sikelo. Neti ya udzudzu usiku uliwonse, madzi akumwa owiritsa kapena othira klorini, mankhwala a njoka za m'mimba ndi vitamini A miyezi 6 iliyonse, zonsezi zimachepetsa nkhondo zimene asilikali atsopanowo akuyenera kumenya asanakhwime.

Nkhani ya katemera imaiwalika kawirikawiri. Katemera amaphunzitsa asilikali kuzindikira matenda. Ngati mwana analandira katemera nthawi imene kachilombo kanali kakuononga, ambiri mwa asilikali ophunzitsidwawo anafa, ndipo atsopano amene akubadwa pano sanaphunzitsidwe. Ma ARV sabwezeretsa chikumbumtima chimenecho. N'chifukwa chake WHO imalangiza kuti mwana wokhala ndi HIV alandirenso katemera wa chikuku chitetezo chikabwerera, ndipo kumene CD4 siyezedwa, pakatha miyezi 6 mpaka 12 chiyambire ma ARV. Tengani buku lake la kusikelo, aone ngati analandira wa chikuku wa miyezi 9 ndi wa miyezi 15, amalize amene anaphonya, ndipo mufunse za wobwerezayo. Chikuku chimapha ana a chitetezo chofooka mosavuta.

Thupi silingapange asilikali popanda zopangira. Mwana wokhala ndi HIV amene sakudwala amafunika chakudya choposa cha mnzake ndi pafupifupi 10 peresenti, ndipo akamadwala kapena kuchira, 20 mpaka 30 peresenti. Mimba ya mwana wa zaka zitatu ndi yaing'ono, choncho kuchulukitsa nsima pa mbale imodzi sikuthandiza. Adye kasanu patsiku, ndipo chakudyacho chikhale cholemera: phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi supuni ya mafuta, Likuni Phala, dzira, usipa kapena matemba osinja, nyemba, masamba otendera, mbatata yofiira m'kati, papaya, mango, mapeyala. Azikhala ndi mbale yakeyake kuti muziona zimene wadya. Kuchipatala amuyeze kunenepa kwa mkono ndi kalamba koyezera. Ukachepera masentimita 11.5, kapena akatupa mapazi onse awiri, ndiye kuti wanyentchera kwambiri ndipo afunika chiponde kapena kugonekedwa. Sikelo ikaima kwa miyezi iwiri kapena itatu pamene akudya bwino, ganizirani zinthu zitatu: TB, mlingo woperewera, kapena kachilombo kayambanso kuswana.

Funso lanu lomaliza, yankho lake ndi ayi, sangasiye. Kachilombo kena kamabisala m'kati mwa maselo ogona, mmene ma ARV safika, ndipo maselowo amakhala zaka zambiri. Mu 2013 dziko lonse linamva za mwana wa ku Mississippi, ku America, amene anayamba mankhwala patangotha maola 30 chibadwire, n'kuwasiya ali ndi miyezi 18. Kwa miyezi 27 kachilombo sikanaoneke m'magazi ndipo ambiri anaganiza kuti wachira, koma mu 2014 kanabwerera ndipo anayambiranso mankhwala. Mwa ana ambiri kamabwerera pasanathe masabata ochepa, ndipo CD4 imene inatenga zaka ziwiri kukwera imagwa m'miyezi yochepa. Viral load yosaoneka m'makina ikutanthauza kuti mankhwala akugwira ntchito, osati kuti kachilombo katha. Aliyense wokuuzani kuti mwana wachira ndipo asiye, kaya ndi wa zitsamba kaya wa mapemphero, musamumvere. Kupemphera sikuletsana ndi kumwa mankhwala.

Poti ndi mankhwala a moyo wonse, mwanayo ayenera kukula akudziwa chifukwa chake amamwa. Pa msinkhu uno n'kokwanira kumuuza kuti mankhwalawa amalimbitsa asilikali a m'thupi mwake. Musamunamize kuti ndi a mtima kapena a mphumu, chifukwa akadzazindikira yekha amasiya kukukhulupirirani, ndipo ambiri amasiyira pomwepo kumwa. Akamayamba sukulu muziwonjezera pang'onopang'ono, kuti pofika zaka 10 mpaka 12 adziwe dzina la kachilomboko kuchokera kwa inu mothandizidwa ndi a chipatala. Akatero akhoza kulowa Teen Club, kalabu ya achinyamata okhala ndi HIV imene inayambitsidwa ndi a chipatala cha ana cha Baylor ku Lilongwe ndipo tsopano ikupezeka m'zipatala zambiri. Ngati malemu mchemwali wanu anasiya ana ena, nawonso akayezedwe, ngakhale akuoneka athanzi.

Pali zizindikiro zimene simuyenera kugona nazo kunyumba: kupuma mofulumira, ka 40 kapena kuposa pa mphindi imodzi ali phee, nthiti kulowa m'kati akamapuma, kukomoka, kuuma khosi, kulephera kumwa, kusanza chilichonse, kugona kosadzutsika, m'manja ndi m'maso kuyera, maso achikasu, kapena zidzolo thupi lonse zobwera ndi kutentha thupi ndi zilonda m'kamwa. Mukaona chimodzi mwa izi, nyamukani naye nthawi yomweyo, usiku kapena usana, mutatenga buku lake ndi mabotolo onse a mankhwala amene akumwa.